Mbiri ya Nyumba Yoyesera Mfuti ya ku Birmingham

Mumzinda wa Birmingham, m'dziko la England, ku dera lotchedwa Digbeth, kumene ngalande ya madzi akuda imadutsa pansi pa milatho ya njanji, ili chiimire nyumba ya njerwa zofiira imene munthu woyenda mofulumira pa msewu wa Banbury Street angaiyese nkhokwe ya amalonda kapena sukulu yakalekale. Koma iye amene alowa pa chipata nakweza maso ake pamwamba pa khomo, aona chosema cha zida zankhondo, mbendera ndi mizinga ndi mfuti zounjikana, ntchito ya manja a mmisiri William Hollins, pamodzi ndi mawu onena kuti nyumbayo idakhazikitsidwa ndi Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1813 kuti anthu akhale otetezedwa. Eni ake amaitcha Birmingham Proof House. Kwa zaka zoposa 200 ntchito yake yaikulu yakhala imodzi: kulandira mfuti, kuithira wonga woposa muyeso, kuiomba, ndipo ikapirira osang'ambika, kuidinda.

Chidindo chimenecho n'chaching'ono ngati njere ya mapira, ndipo pa mfuti zakale chimabisala pansi pa dzimbiri ndi mafuta ouma. Komatu osunga nyumba za zinthu zakale, apolisi ofufuza milandu, ndi anthu okonda kusonkhanitsa mfuti za asilikali akale, onsewo akagwira chida chimene sakuchidziwa kwawo, asanawerenge ndi dzina lomwe la wochipanga, amayamba afunafuna tizilembo timeneti ndi galasi lokulitsa, pakuti adaphunzira kuti dzina lozokotedwa mokongola pamwamba likhoza kunama, pamene chidindo chokhomedwa pakona sichinama kawirikawiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo kuti timve chimene chidindocho chinena, ndi chimene sichinena, tiyenera kubwerera ku masiku amene nyumbayo inali isanamangidwe.

A ku London ndiwo adayamba. M'chaka cha 1637 Mfumu Charles I idapatsa osula mfuti a mumzinda waukuluwo kalata yowalola kukhala bungwe, lotchedwa Worshipful Company of Gunmakers, ndi mphamvu yoyesa ndi kudinda mfuti za ku London ndi kufupi nako. Birmingham nthawi imeneyo udali mudzi wa osula mipeni, misomali ndi malupanga. Koma pamene Mfumu William III idasowa zida, phungu wa ku Warwickshire, Sir Richard Newdigate, adawanenera bwino osula a kwawo, kotero kuti m'chaka cha 1693 amisiri asanu adapangana ndi boma kuti azipereka mfuti 200 mwezi ndi mwezi. Kuyambira pamenepo ntchitoyo idakula ngati moto wa lupsa, kufikira misewu yonse yozungulira tchalitchi cha St Mary idadzaza ndi zipala, ndi kulira kwa nyundo, ndi anyamata othamanga atasenza mipope ya mfuti pa phewa, kuchokera kwa mmisiri uyu kunka kwa uyo. Pakuti ku Birmingham mfuti imodzi sinkapangidwa ndi munthu mmodzi ayi, koma wina ankasula mpope, wina nauboola, wina naupala, wina nasema mtengo wake, wina nakonza chowombera, ndipo wotsiriza, amene dzina lake linkalembedwa pamwamba, nthawi zambiri adali wongolumikiza zimene anzake adapanga. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona. Koma denga losenzedwa ndi mitu yambiri likagwa, aliyense amaloza mnzake, ndipo mpope ukaphulika m'manja mwa mlenje kutali, padalibe woti ayankhe mlandu.

Pano ndiyenera kuima pang'ono, chifukwa mbiri iyi ikhudza ife. M'zaka za m'ma 1700 gawo lalikulu la mfuti za ku Birmingham linkapita ku magombe a kumadzulo kwa Africa, kumene zinkasinthanitsidwa ndi anthu. Ndipo popeza ogulitsawo ankadziwa kuti wogula ali kutsidya kwa nyanja yamchere ndipo sadzabwera kudzadandaula, zambiri mwa mfutizo zidali za chitsulo chachabechabe, zopakidwa utoto wowala, zosayesedwa moyenera, zokhoza kudula zala za mwini wake tsiku lomwe aziomba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mmodzi wa eni malonda amenewa, Samuel Galton wamng'ono, adali wa mpingo wa ma Quaker, anthu okana nkhondo; abale ake mumpingo adamuimba mlandu m'chaka cha 1795, iye nadziteteza ndi kalata yaitali yonena kuti dziko lonse lidya za nkhondo, ndipo chaka chotsatira adamchotsa mumpingo. Malonda a akapolo adaletsedwa kwa Angerezi m'chaka cha 1807, nyumba yoyesera idadza patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiye kuti pa nyengo yonse imene Angerezi ankagula anthu ndi mfuti poyera, chitetezo cholembedwa pa khomo lija chidali chisanabadwe. Kuno kwathu mfuti za gogodela zidafika mochedwerapo, kudzera ku Zanzibar, Kilwa ndi Quelimane, m'manja mwa amalonda a minyanga ndi akapolo, ndipo zambiri mwa mfuti zamalonda za nyengo imeneyo zidasulidwa ku Birmingham ndi ku Liège, m'dziko la Belgium. Ine sindingathe kulemba za nyumba iyi ngati kuti nkhani yake ndi ya luso lokhalokha. Chidindo chimateteza wogwira mfuti, sichidatetezepo iye amene mfutiyo yamuloza.

Chimene chidabala nyumbayo ndi nkhondo ndi mkangano wa malonda. Pamene Britain idalimbana ndi France, boma lidatsegula malo akeake oyesera mfuti za asilikali pa msewu wa Bagot Street, amene anthu adawatcha The Tower, ndipo pakati pa 1804 ndi 1815 mzindawo udapereka kwa boma mfuti zoposa 1,700,000. Koma mfuti za anthu wamba zidalibe woziyang'anira wa lamulo: ena ankatumiza mipope ku London, ulendo wa masiku pa ngolo, ena ankayesa okha kuseri kwa zipala zawo, nadinda zidindo zawozawo, ena sankayesa n'komwe. Tsono a ku London, poona kuti mfuti zambiri zolembedwa dzina la London zidali zosulidwa ku Birmingham, adapempha Nyumba ya Malamulo kuti ikakamize wopanga aliyense kulemba dzina lake lenileni ndi kumene akhala. Ndipo a ku Birmingham, pozindikira kuti msamphawo watcheredwa iwo, adalimbana nalo pempholo kufikira lidagwa, koma pokhala anthu ochenjera adadziwa kuti mbiri yawo yoipa sidzatha ndi kupambana mkangano kokha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adasonkha ndalama zawo, napempha lamulo lawolawo, ndipo m'chaka chomwecho cha 1813 lamulolo lidavomerezedwa. Mmisiri John Horton adamanga nyumba, ndipo m'chaka cha 1814 mipope yoyamba idalowa pa khomo.

Bungweli lidakhazikitsidwa mwanjira imene ilipobe lero. Si nthambi ya boma, ndipo silidya msonkho. Limadzidyetsa ndi ndalama zimene wobweretsa mfuti amalipira pa mpope uliwonse. Oliyang'anira, otchedwa Guardians, ambiri amasankhidwa ndi osula ndi ogulitsa mfuti mwa iwo okha, ena nachokera mwa oweruza milandu ndi makhansala a mzinda, ndipo pansi pawo pali mkulu wa ntchito ya tsiku ndi tsiku, Proof Master. Munthu angafunse kuti kodi fisi angalonde bwanji khola la mbuzi. Yankho lake ndi lakuti amisiriwo adaona kuti mpope umodzi wophulika uli ndi chidindo chawo ukanyozetsa mipope yonse ya mumzindamo, kotero kuti dyera lawo lomwe lidawakakamiza kukhala owona.

Kayesedwe ka masiku oyambawo kadali koopsa kukaona. Mipope yopanda mitengo yake inkathiridwa wonga wochuluka koposa umene msilikali kapena mlenje akadathira, pamwamba pake chipolopolo cha mtovu, ndipo inkagonekedwa m'mizere pansi m'chipinda cha makoma ochindikala, milomo yake italoza mulu wa mchenga. Kenaka ankathira kanjira ka wonga kodutsa pa tizibowo ta mipope yonse, natuluka onse, natseka chitseko cholimba, mmodzi nayatsa kanjirako ali kunja. Ndipo mkokomo utatha, utsi utatuluka, ankalowa kukatola mipopeyo mumchenga mmene idadzikwirira pobwerera m'mbuyo. Yong'ambika inkaonekera pomwepo. Yotsalayo inkatsukidwa, niyang'anidwa ndi maso a munthu wozolowera, wofuna kachotupa kapena kamng'alu kosaoneka msanga, ndipo yokhayo yopambana mayeso onse ndiyo inkafika pa tebulo la wodinda. Chifukwa chake zidindo zoyamba za nyumbayi zidali ziwiri, chilichonse cha ndodo ziwiri zachifumu zopingasana pansi pa chisoti chachifumu: china chokhala ndi zilembo BPC, chonena kuti mpope waombedwa, china chokhala ndi V, chonena kuti waonedwa. Zidindo ziwirizi zidagwira ntchito kuyambira pachiyambi kufikira 1904, ndipo mfuti zambiri zonyadira dzina la London pamwamba zimaululidwa nazo kuti kwawo ndi ku Birmingham.

Lamulo loyamba lidali ndi mipata, ndipo anthu osaona mtima adaipeza. Mpope woyesedwa ukadali wochindikala unkatha kupalidwa pambuyo pake mpaka kupyapyala, chidindo chili pomwepo. Chotero lamulo la 1855 lidagawa mayeso pawiri, oyamba pamene mpope ukali wosamalizidwa, kuti mmisiri asataye thukuta pa chitsulo choipa, ndi otsiriza pamene mfuti yalumikizidwa. Lamulo la 1868, limene ndilo tsinde la ntchitoyi kufikira lero, lidamanga nyumba ziwiri za London ndi Birmingham pa goli limodzi, lidaika chindapusa cha mapaundi 20 pa mpope uliwonse wogulitsidwa wosayesedwa, ndi ndende kwa wopeka chidindo chabodza. Pambuyo pake padadza wonga wopanda utsi, umene Mfalansa Paul Vieille adautulukira m'chaka cha 1884, wamphamvu koposa wonga wakuda wakale ndi wa khalidwe lina poyaka, ndipo miyeso yonse idayenera kukonzedwanso. Mu 1904 ndodo zopingasana zija zidasiyidwa, m'malo mwake mudalowa chisoti chachifumu pamwamba pa zilembo BP, BV ndi NP, chotsirizachi chili cha wonga watsopano. Mu 1921 adayamba kuika kachidindo ka zilembo zosonyeza chaka chimene mfuti yayesedwa. Kuyambira 1925 mfuti yochokera kunja inkalembedwa mawu akuti NOT ENGLISH MAKE. Ndipo mu 1955 zonsezo zidaphatikizidwa m'chidindo chimodzi, chisoti pamwamba pa BNP. Odinda aja sankadziwa kuti akulemba mbiri. Ankangosintha zitsulo zawo monga malamulo adawauzira. Koma kusinthasinthako ndiko kwasanduka kalendala imene wodziwa amawerengera zaka za mfuti.

Tsopano tifike pa mfuti zazing'ono za m'chiuno za asilikali, pamene pagona chisokonezo chachikulu. Pa msewu wa Weaman Street, kufupi ndi tchalitchi chija, padali fakitale ya banja la Webley, imene revolver yake, yothyoka pakati ngati mpeni wopinda, ya ng'oma yozungulira yolowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi za muyeso wa .455, idasankhidwa ndi boma m'chaka cha 1887; mtundu wake wachinayi udapita ku nkhondo ya Maburu mu 1899, ndipo wachisanu ndi chimodzi, Mark VI, udatuluka mu 1915, nupangidwa wochuluka zedi pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu adaitcha ya Chiwaya. Akuluakulu a nkhondo a King's African Rifles, gulu lokhazikitsidwa mu 1902 limene asilikali a ku Nyasaland adali nalo malo awo ku Zomba, ankamanga mfuti zamtunduwu m'chiuno. Munthu angayembekeze kuti mfuti yosulidwa ku Birmingham, pa mtunda wa mphindi zochepa kuchokera ku Banbury Street, iyenera kukhala ndi chidindo cha nyumbayo kuyambira tsiku lobadwa. Koma si momwemo ayi, pakuti zida za mfumu sizili pansi pa lamulo la 1868, ndipo boma linkayesa zake lokha. Pa Webley ya boma mupeza mutu wa muvi wonga phazi la nkhuku, umene unena kuti chinthuchi n'cha mfumu. Mupeza timbendera tiwiri topingasana, ndito mayeso a asilikali. Mupeza tizisoti tambiri ndi manambala pansi pake, ndiwo oyang'anira amene adaona chitsulo chilichonse. Mupezanso chaka pafupi ndi dzina la Webley. Imene ili ndi zidindo zakale za nyumba yoyesera, yopanda muvi, nthawi zambiri ndi imene mkulu wa nkhondo adadzigulira ndi ndalama zake kusitolo, monga udali mwambo wa masiku amenewo.

Nanga bwanji Webley zambiri za 1917 kapena 1918 zili ndi BNP, chidindo chimene chidabadwa mu 1955? Chifukwa chake ndi ichi: nkhondo ziwiri za dziko lonse zitatha, nkhokwe za boma zidasefukira, ndipo pamene zidazo zidagulitsidwa kwa amalonda, nizidindidwa mivi iwiri yoyang'anizana kusonyeza kuti zatuluka m'manja mwa mfumu, zidagwa pansi pa lamulo ngati mfuti ina iliyonse, ndipo sizikadagulitsidwa zisanayesedwe. Zidalowa pa Banbury Street zikwizikwi, zidadindidwa pa mpope, pa thupi ndi pa chibowo chilichonse cha ng'oma, pamodzi ndi muyeso wa chipolopolo ndi kulemera kwa mphamvu yake m'matani. Momwemonso zidachitikira mfuti za ku America zimene zidabwerekedwa kwa Angerezi kuyambira 1941, za Colt wa ku Hartford, za Smith & Wesson wa ku Springfield, ngakhale za Remington Rand amene ntchito yake ya mtendere idali makina otayipira; America ilibe lamulo lokakamiza mayeso otere, choncho izonso zidayesedwa ku Birmingham kapena ku London zisanabwerere kwawo pa malonda. Wosadziwa akaona chisoti cha Angerezi pa mfuti yotere amati idapangidwa ku England. Safunsa adadya phula. Chidindocho sichinena kumene mfuti idabadwira, chinena kumene idadutsa ndi nthawi imene idadutsa. Ndipo iye amene awerenga zidindo zonse motsatana, cha fakitale, cha asilikali, cha kugulitsidwa, cha nyumba yoyesera, amaona ulendo wonse wa chidacho monga mlenje awerenga mapazi pa dambo.

Nyumbayi ili ndi anzake kutsidya kwa nyanja, ndipo sikungatheke kudziwa zidindo zake popanda kudziwako za iwo. Ku Liège, m'dziko la Belgium, mayeso adalamulidwa kale mu 1672, ndipo chidindo chawo cha zilembo ELG m'kati mwa chozungulira chonga dzira chidadza ndi lamulo la Napoleon la 1810, nichilandira chisoti pamwamba mu 1893. Amisiri a kumeneko adatengera ka revolver ka Webley kotchedwa British Bull Dog, nalemba dzina lomwelo la Chingerezi pamwamba. Koma tembenuzani ng'oma yake, mupeza ELG, ndipo mlandu watha. Ajeremani adakhazikitsa lamulo lawo mu 1891, ndipo pa mfuti zawo chisoti pamwamba pa N chidalowedwa m'malo ndi chiwombankhanga pamwamba pa N mu 1940, pamenenso mafakitale awo ankabisa mayina ndi zilembo, byf kutanthauza Mauser, ac kutanthauza Walther. Mu 1914 maiko angapo adapangana kuti azilemekezana zidindo, pansi pa bungwe lotchedwa CIP. Britain idazengereza zaka zambiri, nilowa mu 1980, ndipo lero mfuti ya m'manja imayesedwa ndi chipolopolo cha mphamvu yoposa yanthawi zonse ndi magawo 30 pa 100.

Pali chinthu chimodzi chimene ndifuna chimveke bwino, chifukwa chapweteka anthu. Umboni wa nyumbayi ndi wa tsiku limodzi: kuti pa tsiku lakutilakuti, chitsulo ichi, chili monga chidaliri, chidapirira mphamvu yakutiyakuti. Lamulo lomwe livomereza zimenezi, pakuti mpope umene wakulitsidwa kapena kufooketsedwa pambuyo pake uwerengedwa wosayesedwa ngakhale zidindo zili mbee, ndipo uyenera kubwerera kukalandira chisoti pamwamba pa R. Webley zambiri zitafika ku America, amalonda adapala kumbuyo kwa ng'oma zake kuti zilowe zipolopolo za .45 ACP, zimene zidali zosavuta kupeza kumeneko koma zamphamvu koposa zimene mfutiyo idapangidwira. Chidindo cha Birmingham chili pomwepo, koma chikuchitira umboni mfuti imene kulibenso, ndipo zina mwa izo zang'ambika m'manja mwa eni ake.

Misewu ya osula ija idatha. Msewu waukulu wozungulira mzinda udadula pakati pake m'zaka za m'ma 1960, tchalitchi cha St Mary chidagwetsedwa kale, ndipo zipala zotsala n'zowerengeka. Ana a sukulu ataphedwa ku Dunblane mu 1996, malamulo a 1997 adaletsa anthu wamba a ku Britain kusunga mfuti zambiri za m'manja, kupatulako zina zakale zosungidwa chifukwa cha mbiri. Koma nyumbayo sidatseke. Imayesabe mfuti za alenje ndi zipolopolo za amalonda, imasunga chipinda cha zida zakale chophunziriramo, ndipo kuyambira pa lamulo la 1988 idalandira ntchito imene oimanga sakadailota: kuona mfuti zimene zaphedwa dala kuti zisadzaombenso, ndi kuzidinda malupanga opingasana ndi zilembo DA. Webley zambiri zimene zidalowa pa khomo lija kukaonetsa mphamvu zawo zabwereranso pa khomo lomwelo kukachitiridwa umboni kuti mphamvuzo zatha.

Tsono inu amene musunga zinthu zakale m'nyumba zoonetsera, kapena amene mwapeza gogodela kapena revolver m'bokosi la agogo amene adamenya nkhondo, ndikupemphani: musaipale ndi tupa kapena mchenga pofuna kuti iwale, pakuti mufafaniza kalata yokhayo imene ili nayo, musailowetse chipolopolo cha masiku ano, ngakhale zidindo zake zichuluke bwanji, kadziwitseni apolisi monga lamulo la dziko lifunira, ndipo isanachoke m'manja mwanu, jambulani chidindo chilichonse pa pepala, pamodzi ndi dzina la amene adainyamula.